Masese m'khola la nkhuku

Ndathokoza kuti mwalawira kudzakhala pano, ena kuchokera ku Bangwe, ena ku Chirimba, Ndirande, Machinjiri ndi Chilomoni, ndipo ndamva kuti alipo amene akwera minibasi ziwiri kuchokera ku Lunzu ndi ku Chileka. Woweta nkhuku akachoka pakhomo mtima umatsala m'khola, kumangoganiza ngati mwana wathiradi madzi m'zomwera, choncho sindizungulira. Ndabwera kudzakamba za masese, zotsalira za chimanga, mapira ndi balere mowa ukafululidwa kapena ukatchezedwa, kuti tione ngati zingatithandize kudyetsa nkhuku zathu, ndiponso kuti thandizo lake limalekeza pati.

Chimene chikutiwawa tonse mukuchidziwa. Pa K100 iliyonse imene mlimi amaononga poweta nkhuku zachizungu, K60 kapena K70 imathera ku chakudya. Anapiye, katemera, makala owothetsa anapiye ndi utuchi zimagawana yotsalayo. M'thumba la chakudyamo, chimene chimakweza mtengo kwambiri ndi gawo lomanga thupi, lija timati mapuloteni, ndipo kuno kwathu gawo limeneli timalipeza makamaka mu soya. Zaka zapitazi zatikhaulitsa. Mu 2023 matenda a dzimbiri adagwira soya m'minda yambiri, zokolola n'kutsika. M'mwezi wa Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy adagumula mapiri, n'kukokolola abale athu ku Chilobwe ndi madera ena, pamodzi ndi nyumba, makola ndi ziweto. Mu Novembala kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse chochokera kunja, monga premix ndi mankhwala, chidakwera tsiku lomwelo. Mu 2024 ng'amba ya El Niño idachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, munthu ndi nkhuku n'kuyamba kulimbirana chimanga chimodzimodzi. Makola angapo amene ndinkawadziwa ku Machinjiri lero adasanduka zipinda za lendi.

Ena mwa inu mwaonapo pa foni za chakudya chotchedwa DDGS, ndipo mwandifunsa kuti chimapezeka kuti. Ku America chimanga chochuluka chimapita ku mafakitale otcheza ethanol wosakaniza ndi petulo. Ntchito yake sisiyana kwenikweni ndi ya mayi wotcheza kachasu, kungoti ndi ya makina akuluakulu. Amagaya chimanga, n'kuchiphika, sitalichi n'kusanduka shuga, yisiti n'kudya shugayo, n'kutulutsa mowa umene amautcheza. Njere ya chimanga mukaigawa patatu, magawo awiri ndi sitalichi. Sitalichiyo akapita ku mowa pamatsala gawo limodzi lokha, ndipo m'gawo limenelo mumaunjikana zonse zimene yisiti sadadye: mapuloteni, mafuta, makoko ndi mchere wolimbitsa mafupa. N'chifukwa chake chimanga cha mapuloteni 8 kapena 9 peresenti chimasiya zotsalira za 26 mpaka 30 peresenti. Akaziumitsa ndiye DDGS, ndipo amaigulitsa mpaka ku Mexico, Vietnam ndi South Korea. Mfundo ya kuunjikana katatu imeneyi muisunge, tibwererako, chifukwa ili ndi ubwino wake komanso ngozi yake.

Kuno ku Malawi ethanol timapanga, ndipo tidayamba kale. Fakitale ya Ethco ku Dwangwa idayamba mu 1982, ya PressCane ku Chikwawa mu 2004. Koma zonse ziwiri zimatcheza kuchokera ku molasesi, madzi akuda onata otsala shuga akapangidwa kuchokera ku nzimbe. M'menemo mulibe njere, choncho simungatsale DDGS. Chotsala chake ndi madzi oyenera kumunda ngati manyowa. Ngakhale Malawi Gin gwero lake ndi nzimbe. Woti aitanitse DDGS kuchokera kunja afunika madola amene sitikuwapeza, kenako alipire sitima ndi malole kuchokera ku Beira kapena Nacala. Pofika pa Limbe mtengo wake udzakhala utasiya kukhala wa mlimi wamng'ono. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndiye tiyeni tiyang'ane zimene zili pafupi.

Mzinda uno wa Blantyre uli ndi masese a mitundu itatu. Oyamba ndi a mowa wa m'mabotolo. Fakitale ya ku Makata idatsegulidwa mu 1968, ndipo idali yoyamba imene Carlsberg adamanga kunja kwa dziko la Denmark. Kuyambira 2016 ili m'manja mwa Castel. Mowa wotere umafululidwa ndi chimera cha balere. Amachiviika m'madzi otentha kuti shuga asungunuke, n'kusefa madziwo, ndipo makoko ndi zotsala zake ndiwo masese. Pa malita 100 alionse a mowa pamatsala masese aawisi okwana pafupifupi 20 kg. Chimera cha balere chimachokera kunja, ndiye kuti dziko lidalipira kale madola kuti mapuloteni amenewo afike pa Makata. Kuwalola kuola ndi kutaya ndalama kawiri. Achiwiri ndi a Chibuku, ochokera ku chimanga ndi mapira, ndipo awa ndiwo akufanana kwambiri ndi DDGS ya ku America pa gwero lake. Achitatu ndi a amayi ofulula mowa wa masese ndi otcheza kachasu m'makwalala a Ndirande, Mbayani, Kachere, Bangwe ndi kwina. Amenewa ndi ochepa pa khomo limodzi koma ndi ambiri mukawaphatikiza, ndipo ndiwo osinthasintha koposa. Wina watchezera madeya ndi shuga, wina wawonjezera chimera, wina zipatso. Phala lotsala mu mgolo lero silifanana ndi la sabata yamawa.

Sitili oyamba kuona chuma chimenechi. Alimi a ng'ombe za mkaka ndi a nkhumba adayamba kale kututa masese, ndipo iwo ali ndi mwayi umene ife tilibe. Ng'ombe ili ndi chifu chogaya udzu, imadya masese aawisi monga abwerera. Nkhuku ili ndi nthutumba ndi matumbo aafupi, chakudya chimadutsa m'maola ochepa, ndipo makoko ambiri amangotuluka monga adalowera. Ngati pakhomo panu pali ng'ombe kapena nkhumba, masese aawisi ayambire kumeneko. Nkhuku zachizungu zimafuna ouma, oyezedwa pa sikelo.

Tsopano tiwerengere pamodzi, chifukwa apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa ndi kutchipa. Masese akamatuluka m'fakitale, magawo atatu mwa anayi kapena kuposerapo ndi madzi. Thumba la 50 kg la masese aawisi mukaliumitsa bwino limatsala 12 kapena 13 kg. M'menemo mapuloteni ndi pafupifupi 3 kg. Thumba la 50 kg la keke ya soya, ija yotsala akayenga mafuta, lili ndi mapuloteni 22 kg kapena kuposa. Ndiye kuti pamafunika matumba 7 kapena 8 a masese aawisi kuti afanane ndi thumba limodzi la soya. Pamwamba pake muikepo ya ngolo kapena ya kabaza wonyamula, ya pepala loyanikira, ndi masiku anu otembenuza padzuwa. Munthu akakuuzani mtengo wa thumba la masese, muuchulukitse ka 8, muwonjezere ya mayendedwe, ndipo muyerekeze ndi mtengo wa soya wa tsiku limenelo. Kwa wa ku Ndirande kapena Chirimba, amene Makata ali pakhomo, masamu ake nthawi zambiri amatuluka bwino. Kwa wa ku Lunzu wonyamula yekha matumba awiri pa minibasi, ndalama yambiri akulipirira madzi.

Palinso china chimene sikelo siionetsa. Mapuloteni si chinthu chimodzi, ndi tizigawo tamitundumitundu tolukana. Woluka dengu amadziwa kuti nsungwi zoimirira zikachepa, ngakhale zopingasa zichuluke bwanji, dengu silikula. Kwa nkhuku, nsungwi zoimirirazo ndi tizigawo totchedwa lysine ndi methionine. Soya ali ndi lysine wambiri. Chimanga, mapira ndi balere zili ndi wochepa, ndipo zotsalira zake zimatengera komweko. Choipa china, lysine amaonongeka ndi moto. Ku America ogula DDGS amayang'ana mtundu: yowala ngati golide amailandira, yoderako yonunkha kupserera amaikana kapena kuitsitsa mtengo. Ifenso tikamaumitsa pachiwaya kapena tikatenga phala lomwe lidapserera pansi pa mgolo, tidziwe kuti zimene zada bii zataya mphamvu yake. Pachifukwa chimenechi ine sindivomereza aliyense wonena kuti masese alowa m'malo mwa soya. Amachepetsa soya, ndipo amalowa bwino m'malo mwa madeya. Pamenepo pokha ndi pamene ndingaike dzina langa.

Ndikuonetseni ndi chakudya cha nkhuku za mazira, zimene zimafuna mapuloteni 16 kapena 17 peresenti. Pa 100 kg, ine ndimasakaniza chimanga chogaya 57 kg, keke ya soya 20 kg, masese ouma 10 kg, usipa wopera 2 kg, laimu wa ziweto 9 kg, ndipo 2 kg yotsalayo ndi mchere, premix ndi zolimbitsa mafupa. Mukawerengetsa zimafika pa 17 peresenti. Pamene pali masese 10 kg, ambiri a inu mumaikapo madeya. Madeya 10 kg amapereka mapuloteni 1 kg yokha, masese ouma amapereka 2.4 kg. Kusiyana kumeneko kukulolani kuchotsa soya 3 kg pa 100 kg iliyonse. Zikumveka zochepa. Koma nkhuku ya mazira imadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku. Wa nkhuku 200 amathera pafupifupi 700 kg pamwezi, ndiye kuti wapulumutsa soya 21 kg ndi madeya 70 kg mwezi uliwonse. Pachaka ndi matumba 5 a soya ndi matumba oposa 16 a madeya. Si zolemeretsa munthu, koma ndi zimene zimasiyanitsa khola lotseka ndi khola lopirira mpaka mitengo itatsika. Amene mumagwiritsa soya wa njere, musaiwale kumukazinga. Soya wamuwisi amatsekereza nkhuku kugaya mapuloteni, ndipo mukaphatikiza ndi masese mudzanamizira masese mlandu wa soya.

Zimene ndikambe tsopano ndidaziphunzira ndi misozi. Chaka china m'mwezi wa Januwale ndidagula matumba 6 a masese aawisi kwa munthu wina wogulitsa m'mbali mwa msewu. Lidali Lachisanu madzulo, mvula ikuthira. Ndidawaunjika m'chipinda chosungira katundu n'kunena kuti ndiyanika dzuwa likawala. Lidawala Lolemba. Nditamasula thumba loyamba ndidapisa dzanja, ndipo m'kati mudali motentha ngati mwatsika pamoto. Fungo lija lokoma ngati la buledi lidali litasanduka lowawasa lolasa m'mphuno, ndipo m'mbali mwa thumba mudali timaulusi toyera ndi madontho obiriwira. Ndidayenera kutaya zonse. Ndidaganiza za ndalama yanga, n'kuchotsa zapamwamba zokha, zotsalazo n'kuyanika. Zitauma zinkaoneka bwinobwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndidapatsa nkhuku zanyama za masabata atatu. Sabata isanathe zidayamba kunyanyala chakudya, nthenga zitanyankhalala, utuchi uli chinyontho ndi zitosi zamadzi. Zina zidafa. Nditang'amba imodzi, chiwindi chake chidali chotuwa chachikasu, chonyenyeka pochigwira. Zimene zidapulumuka sizidakulenso bwino, ndidazigulitsa motaya. Wogulitsa uja sindimuimba mlandu wonse. Masese adagona masiku atatu m'nyumba mwanga.

Choncho lamulo loyamba ndi ili: masese ayanikidwe tsiku lomwe afika. Ngati simungathe kuyanika lero, musagule lero. Akafika, asiyeni m'thumba loluka lotulutsa madzi, muikepo thabwa ndi miyala kwa maola awiri kapena atatu kuti madzi ambiri akhe. Kenako mwazani pa simenti yosesa bwino kapena pa pepala lakuda la pulasitiki, osati padothi. Kuchindikala kwake kusapitirire zala ziwiri zogoneka. Muzitembenuza ndi chipalo kapena ndi manja kangapo patsiku, mukuphwanya zibuma, chifukwa chibuma chimauma kunja m'kati muli mwamuwisi, ndipo chuku chimayambira m'menemo. Madzulo wolani, muwayale m'nyumba mopyapyala, musawaunjike. Nyengo ya dzuwa ya Seputembala mpaka Novembala masiku awiri kapena atatu amakwana. Ouma bwino amachita phokoso mukawagwedeza, ndipo mukafumbata n'kutambasula dzanja amayoyoka, sasunga chibakera. Mukafuna kutsimikiza, tengani botolo lagalasi louma, muthiremo masese pang'ono ndi supuni ya mchere wouma, mutseke, mukhutchumule, mudikire kanthawi. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, bwezerani padzuwa. Akauma agayitseni kuti makoko achepe msinkhu, musunge m'matumba pa thandala, osagunda khoma kapena pansi.

Vuto la Blantyre ndi nyengo yake. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mvula siipereka masiku atatu otsatizana, ndipo mu Juni ndi Julayi chiperoni chikakuta phiri la Ndirande ndi Mpingwe, ngakhale malaya pachingwe sauma. Miyezi imeneyo mwina muyanike m'kanyumba ka pulasitiki, mwina mupume kaye n'kudalira zimene mudaumitsa nthawi ya dzuwa. Asodzi a ku nyanja adayamba kale kuyanika usipa m'tinyumba totere, ta mitengo ndi pepala loonekera, tokhala ndi mathandala ndi mazenera otulutsa chinyezi. Chimene chikuumitsa usipa ku Mangochi chingaumitse masese ku Chigumula.

Tibwerere ku mfundo ija ndidati muisunge. Sitalichi akachoka, zonse zotsala zimaunjikana katatu, ndipo poizoni wa chuku naye amaunjikana. Poizoni ameneyu, amene akatswiri amamutcha aflatoxin, safa ndi kuphika, safa ndi kuwira kwa mowa, safa ndi dzuwa. Dziko lidamudziwa kudzera m'khola momwemu: mu 1960 ku England nkhukundembo zoposa 100,000 zidafa zitadya keke ya mtedza yochokera ku Brazil. Mu 2004 ku Kenya anthu 125 adamwalira atadya chimanga chachuku. Mu Ogasiti 2024 boma la Zambia lidalengeza kuti agalu pafupifupi 400 adafa chifukwa cha poizoni yemweyu wa m'chimanga. Kwathu kuno katswiri wathu a Limbikani Matumba ndi anzawo adayeza chimera ndi mowa wofululidwa m'makomo, ndipo adapezamo poizoni wa chuku. Chifukwa chake tonse timachidziwa ngakhale sitichinena mokweza. Chimanga chikaola, choti sichingapite ku nsima, anthu amati chipite ku mowa. Tikatenga masese a chimanga chotero tatengera nkhuku zathu poizoni wochuluka kuposa amene adali m'chimangamo. Nkhuku imakula mochedwa, mazira amachepa, katemera wa chitopa ndi wa gumboro sagwira bwino, ndipo kagawo kena ka poizoniyo kamatha kufika m'chiwindi ndi m'mazira amene ana athu adye.

Pa ichi masese a kufakitale ali patsogolo, chifukwa fakitale imasankha ndi kuyeza mbewu zake. A m'makomo sindikuti muwakane, koma muwagule ngati momwe mumagulira nkhuku yoweta: kwa munthu amene mukumudziwa. Pitani mukaone madeya ndi chimera chake chisanalowe mu mgolo. Funsani zonse zimene amathira, ndiponso mgolowo udali wa chiyani poyamba, chifukwa migolo ina idasungapo mankhwala. Amayi amenewa akusamala mabanja ndi ntchito yotopetsa. Mukamalankhula nawo mwaulemu n'kumawalipira nthawi yake, adzakusungirani phala laukhondo m'malo molitaya mu ngalande yopita ku mtsinje wa Nasolo kapena wa Mudi.

Funso lina ndidalilandira kwa mayi wina wa mvano, ndipo ndikudziwa kuti abale athu achisilamu ali nalonso: kodi ine wosamwa, ndingadyetse nkhuku zanga za ku mowa? Chikumbumtima cha munthu sindingachilamule, koma ndinene zimene zimachitika. Ku fakitale ya mowa wa m'mabotolo masese amasefedwa yisiti asanathiridwe. Ndi chimera chophika basi, mowa usanakhalepo, ngati zotsala za thobwa. Phala la kachasu ndilo lidawirapo, koma mowa wake wambiri udatuluka mu mpope potcheza, ndipo wotsalawo umauluka poyanika. Chimene muyenera kupewa ndi kupatsa nkhuku phala lamadzi lomwe likuwirabe. Yisiti wotsala ku fakitale, mukamupeza, ndi chuma choposa masese enieniwo, chifukwa akauma mapuloteni ake amapitirira 40 peresenti ndipo lysine ali nayo. Koma ayambe wawiritsidwa kuti afe, asakawire m'mimba mwa nkhuku.

Nanga muyezo? Anapiye a masabata awiri oyamba musawapatse ngakhale pang'ono. Matumbo awo ndi anthete, ndipo chakudya chimene amadya nthawi imeneyo ndi chochepa, simupulumutsapo kanthu. Aguliridwe starter yabwino. Nkhuku zanyama kuyambira sabata yachitatu mungayambe ndi 5 kg pa 100 kg, kukwera pang'onopang'ono osapitirira 10 kg. Za mazira 10 kg ndi pabwino, 15 kg ndiye malire. Zachikuda ndi za Mikolongwe, zija zakuda za mtundu wa Black Australorp zochokera ku Chiradzulu, zimapirira makoko kuposa zachizungu, zingafike pa 20 kg, makamaka ngati zimatulukanso kukadzitolera. Musasinthe chakudya tsiku limodzi, tengani sabata yathunthu mukuwonjezera pang'ono. Ndipo nkhuku zidzakuuzani zokha. Zitosi zikayamba kunata, mazira kutuluka akuda, utuchi kunyowa ndi fungo lolasa m'maso, mwapyola muyezo, bwererani m'mbuyo. Utuchi wonyowa ndi umene umabala matenda a chitosi cha magazi. Musayembekezerenso kuti masese akometsa chikasu cha dzira monga zimakhalira ku America. Chimanga chawo ndi chachikasu, chathu ndi choyera. Chikasu chizichokera ku masamba, monga a chammwamba, bonongwe kapena chisoso.

Ntchito yonseyi mlimi mmodzi payekha imamulemera. Fakitale siingatsegule geti kwa munthu wa ndowa imodzi, ndipo pabwalo la nyumba ya ku Zingwangwa palibe malo oyanika matumba 10. Mutu umodzi susenza denga. Anthu 10 kapena 15 a dera limodzi akasonkherana angathe kulemba kalata imodzi ku fakitale, kubwereka galimoto imodzi, kuwaka bwalo la simenti limodzi ndi kanyumba koyanikira, n'kulemba achinyamata awiri otembenuza. Gulu lingathenso chinthu chimene munthu payekha sangakwanitse: kutumiza masese ouma kukayezedwa. Malawi Bureau of Standards ili mu mzinda momwe muno. Ku Bunda, pansi pa LUANAR, ndi ku Chitedze kuli akatswiri a zakudya za ziweto ndi a poizoni wa chuku. Manambala amene ndakupatsani lero ndi a masese ambiri mwachisawawa, koma a Chibuku, a balere ndi a kachasu aliyense ali ndi nambala yakeyake, ndipo tiyenera kuidziwa. Kwa aphunzitsi ndi ophunzira a ku MUBAS pa Ginnery Corner, pempho langa ndi lakuti atipangire chofinyira ndi choumitsira chotsika mtengo, choti mmisiri wa mu msika wa Ndirande angathe kuwotcherera. Kwa eni mafakitale, atipatse tsiku lodziwika ndi mtengo wodziwika, kuti mlimi wamng'ono asamagule masese ogona kwa wachitatu kapena wachinayi. Kwa alangizi a ziweto, abwere adzaone zimene tikuyanika, asadikire kuitanidwa nkhuku zitayamba kufa.

Kwa inu amene mwakhala pano, musakasinthe khola lonse chifukwa cha mawu anga. Mukafika kunyumba dulani khola pakati ndi waya. Mbali imodzi nkhuku 20 zidye monga mwa masiku onse, mbali ina nkhuku 20 za msinkhu womwewo zidye chakudya cha masese ouma pa muyezo umene takambirana. Gulani kope limene mungapeze, muzilemba tsiku ndi tsiku chakudya chimene mwathira, mazira amene mwatola, ndi imene yafa. Zanyama muziziyeza pa sikelo Loweruka lililonse. Pakatha masabata 6 tidzakumanenso, aliyense ndi kope lake m'manja, tidzawerengere limodzi. Amene muli okonzeka kuyamba gulu loyanika m'dera lanu, musachoke musanalembetse mayina kwa alembi.